Maputo ndi gombe lake: mzinda umene unamangidwa moyang'ana ku Joni

Mozambique amene ambirife timamudziwa ndi wa ku Tete, Ulongwe, Milange ndi Mandimba, kapena wa madoko a Beira ndi Nacala kumene kumadzera mafuta ndi feteleza wathu. Likulu lake, Maputo, lili kutali ndi konseku, kumapeto kwenikweni kwa dzikolo chakummwera. Kuchoka ku Tete kukafika ku Maputo pa msewu ndi makilomita oposa 1,500, moti munthu wa ku Tete akhoza kufika ku Lilongwe, ku Harare ngakhalenso ku Lusaka mnzake wopita ku likulu la dziko lake lomwe akadali m'njira. Koma kuchoka ku Maputo kukafika pa chipata cha Ressano Garcia, polowera ku South Africa, sikukwana n'komwe makilomita 100.

Mtunda umenewu ndi umene umafotokoza zambiri zimene mlendo amakaona kumeneko. Siteshoni ya sitima, mahotela akale, mlatho watsopano, magombe a kummwera, ngakhale malo osungirako nyama, pafupifupi zonsezi zinabadwa kapena kukula chifukwa cha South Africa: golide wake, anthu ake obwera kutchuthi, ndiponso nkhondo zake. Wokaona malowa asakudziwa zimenezi amangojambula zithunzi za nyumba zokongola n'kubwerako.

Poyamba tisiyanitse zinthu ziwiri zimene zimasokoneza anthu. Pali mzinda wa Maputo, ndipo pali chigawo cha Maputo. Kuyambira mu 1980 mzindawu umadziyendetsa wokha ngati chigawo pachokha, pamene chigawo chouzungulira chili ndi likulu lake ku Matola. Mizinda iwiriyi inalumikizana kale moti woyenda pagalimoto sazindikira pamene wina wathera, ndipo uliwonse unali ndi anthu oposa 1 miliyoni pa kalembera wa mu 2017. Chigawochi chili ndi maboma monga Marracuene ndi Manhiça kumpoto, Moamba, Boane ndi Namaacha kumadzulo, ndi Matutuíne kummwera, kumene kuli magombe otchuka kwambiri. Chilumba cha Inhaca ndi dera la KaTembe la tsidya lina la doko zili pansi pa mzinda, ngakhale kuti ukakhala kumeneko zimaoneka ngati kumudzi.

Kwa zaka mazana angapo likulu la Apwitikizi linali pa kachilumba ka Ilha de Moçambique, kumpoto, kufupi ndi Nacala. Kummwera kuno kunali kadoko ka minyanga ya njovu pakati pa madambo a malungo, m'dziko la Aronga. Dzina lakale la mzindawu, Lourenço Marques, linali la wamalonda wachipwitikizi amene anayendera gombeli cha m'ma 1544. Zinthu zinatembenuka m'zaka za m'ma 1800, pamene Angerezi ndi Apwitikizi anayamba kukanganirana malowa. Mlandu anaupereka kwa pulezidenti wa France, ndipo pa 24 July 1875 pulezidenti wa nthawiyo, Mac-Mahon, anagamula mokomera Portugal. Mowa wotchuka wa 2M umene mudzauone pa bala iliyonse unatenga dzina kwa munthu ameneyu. Patangopita zaka 11, mu 1886, golide anapezeka ku Witwatersrand, dera la ku Joni, ndipo doko lapafupi kwambiri ndi migodi imeneyo linali lomweli. Maburu a Paul Kruger ankafuna njira yofikira kunyanja yosadzera m'manja mwa Angerezi, choncho njanji yochokera ku Pretoria inatsegulidwa mu 1895. Pofika mu 1898 Apwitikizi anasamutsira likulu lawo kuno. Boma linatsatira ndalama.

N'chifukwa chake nyumba yonyaditsa kwambiri mumzindawu si nyumba ya malamulo kapena tchalitchi, koma siteshoni ya sitima. Ndi nyumba yobiriwira motuwirako ndi yoyera, ya denga lozungulira pakati, ndipo inatsegulidwa mu 1910, ntchito yomaliza kutsogolo kwake n'kutha mu 1916. Anthu operekeza alendo amakonda kunena kuti anaijambula ndi Gustave Eiffel, mwini nsanja ya ku Paris, koma zimenezo n'zongokometsera nkhani. Amene anaijambula ndi akatswiri achipwitikizi. Sitima zikuyendabe, zonyamula anthu opita kuntchito komanso zopita kumalire, ndipo mkatimo muli nyumba yosungiramo mbiri ya njanji imene inatsegulidwa mu 2015, ndi mainjini akale oyendera nthunzi.

Mukaima pa pulatifomu pamenepo, kumbukirani kuti njanji imeneyi sinkanyamula katundu yekha. Inkanyamulanso anthu. Amuna masauzande ambirimbiri a kummwera kwa Mozambique ankadutsa pa Ressano Garcia chaka ndi chaka kupita kumigodi kudzera ku Wenela, bungwe lomwe lija linkatenganso agogo athu kupita nawo ku Joni. Pa mgwirizano wa mu 1928, South Africa inalonjeza kuti pafupifupi theka la katundu wa dera la migodi wodzera panyanja azidutsa pa doko la Lourenço Marques, ndipo Portugal inalola kuti anthu ake akuda azikalembedwa ntchito kumigodiko. Gawo la malipiro awo linkafika ku boma la atsamunda ngati golide. Otsala kumudzi ankagwidwa kukagwira chibalo, ntchito yokakamiza yofanana ndi thangata wathu uja, ndipo misewu yotakata ya mitengo m'mbali imene alendo amaiyamikira leroyi inakumbidwa ndi manja amenewo.

Dera lakale la mzindawu, limene eni ake amati Baixa, munthu akhoza kuliyenda wapansi m'mawa umodzi. Muli msika waukulu wa Mercado Central wa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, mmene mumagulitsidwa nsomba, tsabola, zipatso ndi mtedza wa kashu. Muli munda wa mitengo wa Tunduru wa mu 1885. Pafupi pake pali Casa de Ferro, nyumba yachitsulo yokhayokha imene inabwera zidutswazidutswa kuchokera ku Ulaya mu 1892 kuti bwanamkubwa azikhalamo. Amene anaganiza zomanga nyumba yachitsulo m'dziko lotentha chonchi ayenera kuti sanafikeko mu January, ndipo bwanamkubwayo sanakhalemo. Chakumtunda pang'ono kuli tchalitchi chachikulu choyera cha Akatolika cha mu 1944, ndi nyumba ya khonsolo ya mzinda. Nyumba yosungiramo zachilengedwe, Museu de História Natural, imadziwika ndi ana a njovu osabadwa amene anawasunga m'mankhwala, kusonyeza mmene mwana amakulira m'mimba mwezi ndi mwezi. Ena zimawanyansa, koma ana asukulu sachokapo msanga.

Malo amene Mmalawi kapena Mzambia ayenera kukhalitsapo ndi linga lofiirira la pafupi ndi doko, Fortaleza de Maputo. Makoma amene alipo lero anamangidwanso m'zaka za m'ma 1940 pamalo pa linga lakale, limene ankhondo a Dingane, mfumu ya Azulu, analigonjetsa mu 1833 n'kupha bwanamkubwa wake. Mkati mwa lingali muli bokosi lamaliro losemedwa mwaluso la Ngungunhane, mfumu yomaliza ya ufumu wa Gaza. Agogo ake anali Soshangane, mmodzi wa atsogoleri amene anathawa kwawo Shaka atagonjetsa Andwandwe. Wina mwa othawawo anali Zwangendaba. Magulu awiriwa anadzera m'dera lomweli la gombe la Maputo, kenako anamenyana chakumpoto, ndipo Zwangendaba anapitirira ulendo mpaka kuwoloka Zambezi mu November 1835, tsiku la kadamsana. Mbumba yake ndi Angoni a M'mbelwa ku Mzimba ndi a Mpezeni ku Chipata. Soshangane anatsala, ndipo Ashangani ambiri amene mudzawamve akulankhula m'misika ya ku Maputo amatchedwa ndi dzina lake. Ndiye Mngoni akalowa m'lingali sakuona mbiri ya eni ake okha ayi.

Ngungunhane anagwidwa ku Chaimite mu December 1895 ndi msilikali wachipwitikizi Mouzinho de Albuquerque. Anamutengera ku Lisbon kumene anamuyendetsa m'misewu kuti anthu amuone, kenako anamutaya ku zilumba za Azores kumene anamwalirira mu 1906. Mu 1985 boma la Samora Machel linalandira zimene zinatchedwa mafupa ake, ngakhale olemba mbiri ena amati linali dothi chabe la kumanda kumene anaikidwa. Chochititsa chidwi n'chakuti m'bwalo la linga lomwelo muli chiboliboli cha Mouzinho atakwera hatchi. Kale chinali pabwalo lalikulu la mzinda. Ufulu utabwera anachitsitsa, koma sanachiphwanye. Anangochisunthira kuno, ndipo wogwira ndi wogwidwa akusungidwa mumpanda umodzi. Pamene panali Mouzinho tsopano pali chiboliboli cha Samora cha mamita 9, chimene chinapangidwa ndi amisiri a ku North Korea n'kuimikidwa mu 2011.

Chilichonse chimene tatchula mpaka pano chili mu umene anthu ankautcha mzinda wa simenti. M'nthawi ya atsamunda Lourenço Marques inali mizinda iwiri: wa simenti wa azungu, amwenye ndi akuda ochepa amene anavomerezedwa kuti "aphunzira chizungu", ndi mzinda wa bango, kumene kunkakhala anthu ambiri. Kumeneko munthu sankaloledwa kumanga nyumba yokhalitsa, choncho ankamanga ndi bango, matabwa ndi malata. Mzinda wa simentiwo ndi umene unali malo osangalalira azungu a ku South Africa ndi Rhodesia. Ankabwera kudzadya nsomba, kumwa vinyo, kutchova juga ndi kuchita zina zimene malamulo a tsankho ankaletsa kwawo. Hotela ya Polana, imene inatsegulidwa mu 1922 pamwamba pa phiri loyang'ana kunyanja, inamangidwira alendo oterewa. Ngakhale wailesi ya LM Radio inkaulutsira nyimbo zamakono achinyamata a ku South Africa kuchokera kuno.

Amene akufuna kuona mbali inayo apite ku Mafalala. Si malo okongola mwa masiku onse: tinjira n'topanikizana, madzi amadikha mvula ikagwa, nyumba zina zikadali za matabwa ndi malata. Koma kadera kameneka kanatulutsa Eusébio, katswiri wa mpira amene anabadwa mu 1942 n'kukamveka ku Benfica ndi timu ya Portugal, ndiponso mlakatuli José Craveirinha, amene anapata mphoto ya zolembalemba ya Camões mu 1991. Samora Machel ndi Joaquim Chissano anakhalako pa nthawi ina ali anyamata. Kunkasonkhana Aronga, Amakua ochokera kumpoto, anthu a ku Comoros ndi ena, moti mizikiti ndi yambiri, ndipo amayi a gule wa tufo amavina atadzola nkhope ndi ufa woyera wa mtengo wa mussiro. Nyimbo za marrabenta zinakulira m'madera ngati amenewa. Achinyamata a komweko ndi amene amayendetsa alendo, ndipo mu 2019 anatsegula nyumba yosungiramo mbiri ya deralo. Kwa ine, ulendo wa ku Mafalala umaposa wa ku nyumba zambiri za m'tauni, chifukwa ndalama imene mlendo walipira imatsala mwa anthu amene mbiriyo ndi yawo.

Ufulu unalengezedwa pa 25 June 1975 m'bwalo la mpira la Machava, ndipo mu 1976 mzindawu unasiya dzina la Lourenço Marques. Mapu a misewu yake ndi phunziro la ndale za nthawi imeneyo. Mudzayenda mu Avenida Karl Marx, Vladimir Lenine, Mao Tse Tung, Ho Chi Min ndi Kim Il Sung, komanso Julius Nyerere ndi Kenneth Kaunda, amene anathandiza Frelimo pa nkhondo ya ufulu. Dzina la Kamuzu musavutike kulifunafuna pakati pa misewu ikuluikuluyi. Ubale wa maboma awiriwa unali wozizira, ndipo mu 1986 Samora ankanena poyera kuti boma la Malawi likuthandiza Renamo. Anamwalira pa 19 October chaka chomwecho, ndege yake itagwa ku Mbuzini, m'mapiri a Lebombo mbali ya South Africa, akuchokera ku msonkhano ku Mbala m'dziko la Zambia. Anaikidwa pa Praça dos Heróis pafupi ndi bwalo la ndege, pamodzi ndi Eduardo Mondlane, mtsogoleri woyamba wa Frelimo. Manda amenewa satsegulidwa wamba, koma chithunzi chachitali chojambulidwa pakhoma la tsidya lina la msewu chimaoneka bwino.

South Africa sinachoke m'nkhaniyi ufulu utabwera; inangosintha maonekedwe. Alendo odzasangalala anasiya kubwera, kunayamba kubwera asilikali. Pa 30 January 1981 asilikali a boma la tsankho analowa usiku ku Matola n'kupha anthu a ANC amene ankakhala m'nyumba zitatu kumeneko, ndipo lero pali chipilala ndi nyumba yofotokoza nkhaniyi zimene zinatsegulidwa mu 2015. Nkhondo yapachiweniweni, imene boma la tsankholo linkaisonkhezera, inatha ndi mgwirizano wa ku Rome pa 4 October 1992. Ife tinaiona kudzera mwa othawa kwawo pafupifupi 1 miliyoni amene anadzakhala ku Nsanje, Dedza, Ntcheu, Mulanje ndi maboma ena. Ku Maputo zotsalira zake mudzaziona ku Núcleo de Arte, kumene amisiri amawotcherera zidutswa za mfuti n'kupanga mipando, mbalame ndi zifaniziro za anthu. Ntchitoyi inayamba ndi bungwe la mipingo yachikhristu motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, limene linkalandira mfuti kwa anthu n'kuwapatsa makasu, njinga ndi makina osokera. Mpando wina wopangidwa ndi mfuti zoterezi uli ku British Museum ku London. Zojambula za Malangatana, mmisiri wa ku Matalana m'boma la Marracuene amene anamwalira mu 2011, zili pa makoma angapo a mumzindawu ndi mu nyumba ya zaluso ya dziko.

Tsopano za nyanja. Apa pali chimene zithunzi za otsatsa malonda sizinena: gombe la mumzinda mwenimwenimo si losambirako. Mitsinje ingapo, monga Incomati, Umbeluzi, Tembe ndi Maputo, imathira m'nyanja ya pamenepa, ndiye madzi ake ndi amatope, kuwonjezera apo zonyansa za mumzinda ndi za padoko. Amene anazolowera madzi oyera a ku Cape Maclear kapena ku Chintheche adzakhumudwa. Msewu wa m'mbali mwa nyanja, Avenida da Marginal, umene umakafika ku Costa do Sol, ndi wopitako kukadya ndi kukacheza. Loweruka ndi Lamlungu madzulo kumadzaza magalimoto, nyimbo, nkhuku zowotcha ndi mipingo ya Ziyoni yobatiza m'madzi. Pa msika wa nsomba, Mercado do Peixe, mumagula nsomba, nkhanu kapena maprawn osaphika, omwe kumeneko amati camarão, n'kupereka kwa ophika a kuseri kuti akuwotchereni ndi tsabola wa piri-piri. Mumalipira kawiri, kwa wogulitsa ndi kwa wophika, ndipo ndi bwino kumvana mtengo nsomba isanafike pamoto. Wosowa nsima asadandaule: iliko, amati xima, ndipo imayenda ndi matapa, chigwada chosinja chophikidwa ndi nsinjiro ndi mkaka wa kokonati, nthawi zina muli nkhanu.

Madzi oyera ali kummwera, ndipo kwa zaka zambiri kufikako kunali ntchito. Unkayenera kudikira pantoni yowolotsa magalimoto kupita ku KaTembe, kenako n'kulimbana ndi msewu wa mchenga umene unkafuna galimoto yamphamvu ndi theka la tsiku. Zimenezi zinatha pa 10 November 2018 pamene anatsegula mlatho wa Maputo–KaTembe. Ndi mlatho wolendewera pa zingwe zachitsulo, ndipo pakati pa nsanja zake ziwiri pali mamita 680, kutalika kumene kunaposa milatho yonse ya mtundu umenewu mu Africa. Uli m'mwamba pafupifupi mamita 60 kuti sitima zapamadzi zizidutsa pansi. Inamanga ndi kampani ya China Road and Bridge Corporation, ndipo ndalama zambiri zinali ngongole ya ku banki ya boma la China; ntchito yonse, pamodzi ndi misewu yake, inadya madola oposa 700 miliyoni. Mabanja ambiri a ku Malanga anasamutsidwa kuti mlathowu udutse. Tsopano ulendo wa ku Ponta do Ouro, makilomita pafupifupi 120, sukwana maola awiri pa tala.

Anthu anatsutsana kwambiri ngati dziko losauka chonchi, limene msewu wake waukulu wopita kumpoto ndi wokumbikakumbika, linayenera kutenga ngongole yotere chifukwa cha dera la anthu ochepa. Funsoli n'lomveka ndithu. Mukayang'ana kumene msewuwo ukuthera, yankho limaoneka: pa chipata cha Kosi Bay, polowera ku KwaZulu-Natal. Monga njanji ya mu 1895 inalumikiza doko ndi Pretoria, msewu uwu walumikiza Maputo ndi Durban.

Chapakati pa ulendowu pali Maputo National Park. Inayamba mu 1932 ngati malo otetezera njovu za m'mphepete mwa nyanja. Nkhondo inatha nyama zambiri, ndipo njovu zotsala zinasanduka zolusa ndi zamantha. Kuyambira mu 2010 boma, mothandizana ndi bungwe la Peace Parks Foundation, lakhala likubweretsa nyama pamalole kuchokera ku South Africa, Eswatini ndi mapaki ena a mu Mozambique momwemo: mbidzi, nyamalikiti, nyumbu, njati, nswala ndi zina, zoposa 5,000 zonse pamodzi. Mu 2021 malowa anaphatikizidwa ndi dera lotetezedwa la m'nyanja la Ponta do Ouro n'kukhala paki imodzi, ndipo mu July 2025 UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse, molumikizana ndi iSimangaliso Wetland Park ya tsidya lina la malire. Palinso mpata wa Futi, umene cholinga chake n'chakuti njovu za kuno zizikumananso ndi abale awo a ku Tembe Elephant Park.

Wofuna kuona nyama zambirimbiri m'maola ochepa, paki ya Kruger ya ku South Africa ili pafupi ndipo imaposa. Chimene paki ya Maputo ili nacho chimene ena alibe ndi kusakanikirana kwa malo: madambo a udzu, nyanja zing'onozing'ono za madzi abwino monga Piti ndi Xinguti zokhala ndi mvuu ndi ng'ona, nkhalango yomera pa milu ya mchenga, kenako mwadzidzidzi nyanja yamchere ndi gombe lopanda munthu. Kuyambira cha mu October mpaka kumayambiriro kwa chaka, akamba akuluakulu a m'nyanja amatuluka usiku kudzaikira mazira mumchenga, ndipo anthu a m'midzi yapafupi amalembedwa ntchito yolondera zisazo. M'miyezi yozizira mpaka cha mu November, anamgumi amadutsa pafupi ndi gombe. Mkati mwa paki misewu ikadali ya mchenga wakuya, galimoto wamba singathe.

Malamulo a ku Mozambique amati magawo 20 pa 100 alionse a ndalama zimene boma limatolera pa malo oterewa azipita kwa anthu okhala mozungulira, ndipo malo ena ogona alendo m'pakimu ali pa nthaka imene anthu a m'mudzi ali ndi gawo. Papepala n'zabwino. Koma mlimi amene njovu zamudyera chimanga usiku umodzi, kapena msodzi amene wauzidwa kuti pano usaponyenso ukonde, amawerengera mosiyana ndi wa mu ofesi. A ku Liwonde ndi ku Kasungu nkhani imeneyi saifuna womasulira.

Ponta do Ouro weniweniyo ndi katauni kakang'ono ka mchenga pafupi ndi malire. Anthu amapitako kukasambira ndi ma dolphin, kukamira pansi pa nyanja kuti aone matanthwe a korali ndi nsomba za shaki, ndiponso kukawedza. Ma rand amayenda ngati ndalama ya pompo, ndipo mu December Chingerezi ndi Chiafrikaans zimamveka kuposa Chipwitikizi. Malo ambiri ogona ndi makampani a maboti ndi a anthu a ku South Africa, ndipo alendo ambiri amabwera atanyamuliratu nyama ndi zakumwa zawo m'galimoto. Eni dera amatsala ndi ntchito yoyeretsa, kulondera ndi kugulitsa zosemasema. Mlatho wasinthako chithunzichi, chifukwa tsopano mabanja a ku Maputo ndi Matola nawonso amapitako pa minibasi kukaswera tsiku limodzi, ngakhale kuti kuchuluka kwa anthu kwabweretsa zinyalala ndi kulimbirana malo. Wofuna bata amapitirira chakumpoto pang'ono ku Ponta Malongane kapena Ponta Mamoli.

Inhaca ndi nkhani ina. Chilumbachi chili makilomita oposa 30 kuchokera mumzinda, ndipo amafikako pa boti. Kuli malo ofufuzira zamoyo za m'nyanja amene anakhazikitsidwa mu 1951, omwe tsopano ali m'manja mwa yunivesite ya Eduardo Mondlane, ndipo korali wa kumeneko ali m'gulu la wa kummwera kwambiri mu Africa. Pafupi pake pali kachilumba kamchenga kopanda midzi ka Ilha dos Portugueses. Nyanja imaphwa ndi kudzaza kawiri patsiku, ndipo ikaphwa maboti amaima kutali moti anthu amatsika n'kuyenda m'madzi. Ulendo wonse umayendera nthawi ya madziyo, osati wotchi yanu.

Kumpoto kwa mzinda, gombe lapafupi la madzi abwino ndi Macaneta, tsidya lina la mtsinje wa Incomati ku Marracuene, kumene mlatho unalowa m'malo mwa pantoni mu 2016. Mafunde ake ndi amphamvu, si a munthu wongophunzira kusambira. Pa 2 February chaka chilichonse ku Marracuene kumachitika mwambo wa Gwaza Muthini, wokumbukira nkhondo ya mu 1895 pamene ankhondo a m'deralo analimbana ndi Apwitikizi, ndipo imakhala nyengo ya ukanyi, mowa wa zipatso za mfula. Kumadzulo, Namaacha ili pamwamba pa mapiri a Lebombo m'malire ndi Eswatini. Kumazizira, kuli mathithi amene amakongola nthawi ya mvula, ndipo mwezi wa May Akatolika masauzande amapitako, ena wapansi, ku tchalitchi cha Amayi Maria a ku Fatima. M'njira mumadutsa kufupi ndi damu la Pequenos Libombos, limene limamwetsa Maputo ndi Matola.

Kudalira khomo limodzi kuli ndi mtengo wake, ndipo zinaoneka kumapeto kwa 2024. Pambuyo pa chisankho cha pa 9 October kunabuka zionetsero zimene zinatenga miyezi, anthu mazana angapo anaphedwa, misewu inkatsekedwa, ndipo chipata cha Ressano Garcia chinatsekedwa kangapo. Anthu ena masauzande a m'zigawo zapakati anathawira ku Nsanje. Zonsezi zinafika pachimake mu December, mwezi umene mahotela a m'gombe amapeza ndalama zodyera chaka chonse, ndipo alendo a ku South Africa anangoimitsa maulendo awo. Paja amati mlendo ndi mame. Woperekera zakudya ku Ponta do Ouro ndi mayi wogulitsa nsalu za capulana pa msika wa zaluso wa FEIMA ndi amene anayamba kumva kuwawa.

Kwa wochokera kwathu kuno, zina n'zosavuta. Wokhala ndi pasipoti ya Malawi kapena Zambia safuna viza pa ulendo waufupi, nthawi ndi imodzimodzi, ndipo magalimoto amayenda kumanzere ngati kwathu. Chovuta ndi chilankhulo: Chichewa chimene chimakuthandizani ku Angónia ndi ku Niassa sichigwira ntchito kuno, kumene anthu amalankhula Chipwitikizi, Chironga ndi Chishangani, ndipo Chingerezi chimathera m'mahotela. Pasipoti muziyenda nayo, chifukwa apolisi ali ndi mphamvu yoifunsa pamsewu, ndipo musajambule nyumba za boma kapena za asilikali. Maminibasi amatchedwa chapa, tinjinga tamoto ta matayala atatu ndi txopela, ndalama ndi metical. Miyezi ya May mpaka September ndi yozizirira bwino ndipo mitengo ya malo ogona imatsika, kupatula pamene sukulu za ku South Africa zatsekera. Amalawi amene ali ku Johannesburg ndi amene ali pafupi kwambiri: mabasi amanyamuka tsiku lililonse kudzera pa msewu wa N4, makilomita pafupifupi 550, ndipo wonyamuka m'mawa amafika ku Maputo tsiku lomwelo.